Testing ndi ya pa laputopu yako, osati mu labu ya ana

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene mudadutsa m'kalasi mwanga, ndikulemba kuchokera kuno kwa Kasakula. Nkhani ya lero yachokera kwa mmodzi wa inu. Pa holide yapitayi kudabwera mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, pano akuchita za makompyuta ku yunivesite. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha. Adapempha kiyi wa labu kuti akaone ngati makina amene adaphunzirirapo kutaipa akadalipo. Adayatsa kompyuta imodzi, n'kuyang'ana manambala a mapulogalamu, kenako n'kuyamba kuseka. "Aphunzitsi, zoona mukadali pa zinthu zakalekalezi? Anzanu tidasamukira ku testing kalekale. Ndipatseni tsiku limodzi lokha ndikukonzereni makina onsewa."

Tsiku limenelo ndidangoti tidzakambirana, chifukwa ndidali ndi mulu wa mapepala ochonga. Koma funsolo ndi labwino ndipo si iye yekha amene wandifunsapo. Yankho langa ndi lakuti ayi. Labu ya sukulu izikhala pa stable. Testing ili ndi malo ake, ndipo ndiwatchula, koma malowo si makina amene ana 60 akuwadikirira Lolemba m'mawa. Ndikunena izi ngati munthu amene adapsapo zala.

Anzanga a Chichewa, a Agriculture ndi a Baibulo amene mwayamba kale kuyasamula, musathawe. Nkhaniyi idzakukhudzani tsiku limene mudzafune kutaipa mayeso n'kupeza makina onse ali duu. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoiyendetsa. Ambiri tidazolowera Windows. Ife mu labu timagwiritsa ntchito Debian, mtundu wina wa Linux, umene Ian Murdock adauyambitsa mu 1993 ndipo mpaka lero umasamalidwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Ndi waulere, ndipo malamulo ake amalola kuuika pa makina ochuluka mmene ungafunire popanda wokufunsa laisensi. Ubuntu, amene enanu mumamudziwa, adamumanga pamwamba pa Debian yemweyu mu 2004, mtsogoleri wake ali Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Ife amene tidayamba ntchito m'zaka za m'ma 2000 tikukumbukira ma CD a Ubuntu amene ankabwera ulere pa positi ofesi mpaka adasiya kutumiza mu 2011. Langa loyamba ndidalidikira pafupifupi miyezi iwiri, ndipo ndi limene lidandilowetsa m'mavuto onsewa.

Chifukwa chimene tidachokera ku Windows sichitalika. Makina athu ndi opatsidwa, otopa kale asanafike kuno. Windows XP adasiya kuisamalira mu 2014, Windows 7 mu 2020, Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana kulowa pa makina a msinkhu wa athuwa. Onjezanipo mavairasi a m'mafulashi amene aphunzitsi timapatsirana ngati chimfine cha mu Juni.

Tsono Debian imayenda m'magawo atatu, ndipo njira yosavuta yowamvetsera ndi ya mbewu. Mbewu yatsopano ya mtedza kapena chimanga siyambira m'munda mwa mlimi. Imayambira kwa akatswiri ku Chitedze, kumene zambiri zimene amayesa zimathera konko. Zimene zaonetsa khalidwe amapita nazo ku minda yachitsanzo ija alangizi amatiitanira kukaona m'mbali mwa msewu. Ikapirira kumeneko m'pamene amaiika m'paketi kuti ine ndi inu tigule ku Mponela tidzale munda wonse. Ku Debian, Chitedze yake ndi gawo lotchedwa unstable. M'menemo ndi mmene mapulogalamu atsopano amafikira, atamangidwa m'timitolo totchedwa ma package, ine ndimangoti maphukusi. Phukusi likakhala mu unstable masiku angapo, nthawi zambiri 5, popanda wopezamo vuto lalikulu latsopano, ndiponso ngati anzake amene limadalira ali okonzeka, limadutsa lokha kulowa mu testing. Umenewo ndiwo munda wachitsanzo. Pakatha pafupifupi zaka ziwiri amatseka chipata cha testing kwa miyezi ingapo, osalolanso zatsopano, n'kumangokonza zolakwika zokhazokha. Akakhutira amaitulutsa, n'kuitcha stable. Debian 11 idatuluka mu Ogasiti 2021, Debian 12 mu Juni 2023, Debian 13 pa 9 Ogasiti 2025.

Iliyonse ili ndi dzina lake, lochokera mu filimu ya ana ya Toy Story: 11 ndi bullseye, 12 ndi bookworm, 13 ndi trixie, ndipo testing yobwera pambuyo pa trixie adaitcha forky. Unstable yokha dzina lake silisintha, ndi sid, kamnyamata ka mufilimumo kamene ntchito yake ndi kuthyola zidole. Eni ake sadabise.

Ambiri amaganiza kuti stable ndiye kuti siivuta, testing ndiye kuti imangovutavuta. Si choncho kwenikweni. Laputopu ya mnyamata wangayo mwina yatha chaka chathunthu osamukhumudwitsa, ndipo sindikumutsutsa. Tanthauzo lenileni la stable ndi lakuti siisintha. Bookworm imene ili mu labu yathu idabwera ndi LibreOffice 7.4 ndi Linux 6.1, ndipo idzapuma ntchito ili ndi zomwezo. Chimene amatumiza ndi zigamba zotseka mipata ya akuba ndi zokonza zolakwika zikuluzikulu basi. Kupatula mapulogalamu ochepa monga Firefox, amene amawasintha chifukwa cha chitetezo, zina zonse zimakhala mmene udazisiyira.

Kwa wophunzira wa ku yunivesite, kusasintha ndi ukalamba. Kwa ine ndi chuma. Mwana wa kuno amagwira kompyuta mapiriyodi awiri pa sabata, ndipo pa mapiriyodi awiriwo akugawana kiyibodi ndi anzake atatu. Kunyumba kulibe kompyuta, mwinanso ngakhale foni ya intaneti kulibe. Mwana wotereyu amaloweza njira ya dzanja: apa, kenako apa, kenako batani lachitatu kuchokera kumanzere. Batanilo likasuntha pakati pa teremu, katswiri saona n'komwe, koma mwanayu amaima, n'kukweza mkono, piriyodi n'kutha. Ndili kale ndi ntchito yowoloketsa ana kuchoka pa zithunzi za Microsoft Word za m'mabuku awo kufika pa zimene akuona pa sikirini yathu. Ndidakhala pansi teremu yonse kulemba manotsi a Fomu 3 okhala ndi zithunzi za makina athu enieniwa, ndipo ndidalipira ndekha fotokope. Manotsi amenewo ndikufuna andigwirire ntchito zaka zitatu, osati masabata atatu.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Mu 2022 tidalandira printa yatsopano imene Debian 11 inkaikana. Ndidaika testing, imene nthawiyo idali bookworm isanakhwime, pa laputopu yanga, ndipo printa idayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Zonse zinkaoneka zowala. Ndidakopeka ngati mwana woona mkuyu wofiira, osakumbuka za nyerere za m'kati. Loweruka lina ndidasamutsa makina onse 14 a mu labu. Miyezi iwiri idadutsa bwinobwino, mpaka ndidayamba kudzitama mu stafu rumu.

Kenako lidafika Lachisanu, mayeso oyeserera a Fomu 4 ali Lachiwiri lotsatira. Ndidati ndikonzeretu makina akhale atsopano pa tsiku la mayeso. Ndidalemba apt full-upgrade. Sikirini idandionetsa mndandanda wautali wa maphukusi olowa, ndipo m'munsi mwake mudali mndandanda wina wa maphukusi ochotsedwa. Sindidawerenge. Dzuwa lidali litapendeka, ndinkafuna kukafika kumsika asanatseke, ndiye ndidangodina Y pa makina onse motsatizana ngati ndikudinda malipoti. Ntchito ili m'kati magetsi adazima. Lolemba nditayatsa, makina 6 adandilonjera ndi sikirini yakuda ya kachizindikiro kophethira pakona. Ena adayaka koma mapulogalamu ena ofunika pa mayeso mudalibe, chifukwa ndidali nditavomera ndekha kuti achotsedwe. Otsala abwinobwino adali 4.

Ahedi adalowa mu labu, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, kodi makinawa adwala okha kapena mwawadwalitsa ndinu?" Ndidalibe poyankhira. Mayeso tidawasuntha ndi sabata yathunthu. Masiku atatu ndidagona mochedwa ndikubwezeretsa Debian 11 makina amodziamodzi, ndipo mtsikana wina adataya ntchito yake ya spreadsheet ya teremu yonse chifukwa idali pa kompyuta imene ndidaifufuta mothamanga. Sadandikalipire, adangoti, "Palibe kanthu aphunzitsi, ndiyambiranso." Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndikadachita zimenezi sabata ya mayeso enieni a MANEB, sindikudziwa ngati bwenzi ndikadali pa ntchito.

Wolakwa ndidali ine. Eni ake a Debian adalemba poyera kuti testing imasintha tsiku ndi tsiku ndipo nthawi zina imathyoka. Walira mvula walira matope. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake mndandanda wa zochotsedwa uja umabwera, poti si ngozi ya kamodzi. Maphukusi amadalirana ngati mitengo ya denga. Phukusi limodzi lalikulu likasintha, onse olitsamira amayenera kumangidwanso, ndipo safika onse tsiku limodzi. Ukapanga upgrade pa masiku a pakatiwo, makina amakuuza kuti kuti alowetse chatsopanochi ayenera kuchotsa icho ndi icho. Munthu wozolowera amawerenga, n'kukana, n'kudikira masiku angapo. Komanso phukusi lopezeka ndi vuto lalikulu losakonzedwa amalichotsa mu testing mpaka litakonzedwa, ndiye pulogalamu imene udaika mwezi watha utha kuisowa lero pofuna kuiika pa kompyuta ina. Mu 2024 kudali kusamuka kwakukulu kotere pamene ankakonzekera vuto la chaka cha 2038, loti mawerengedwe akale a nthawi m'makina a 32-bit adzafika pamapeto pa 19 Januwale chaka chimenecho. Maphukusi ambirimbiri adasinthidwa maina, ndipo a unstable ndi testing adakhala masabata akuyenda mosamala. Ife a stable tidangomva nkhani.

Ndiye pali nkhani ya bandulo. Testing imadya. Ukakhala sabata ziwiri osaikhudza, umapeza mulu wa zotsitsa ukukudikira, ndipo ukachedwa kwambiri m'pamene upgrade yake imavuta koposa. Kuno netiweki imagwira bwino ukakwera kumtunda kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, ndipo nyengo ya mvula imabwera ndi kupita mmene yafunira. Sukulu ilibe ndalama ya intaneti ya labu, bandulo imachoka m'thumba mwanga, thumba lomwe lija kwacha idaliboola pamene idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pali kapulogalamu kotchedwa apt-cacher-ng kamene kamathandiza kwambiri: kompyuta imodzi imatsitsa, zinazo n'kumatengera kwa iyo kudzera pa mawaya a mu labu. Anzanga amene muli ndi makina oposa atatu kaikeni, mudzandithokoza. Koma ngakhale ndi kameneka, kusiyana kwa stable ndi testing kuli ngati kudyetsa mbuzi ndi kudyetsa nkhumba ya chizungu.

Mnyamata wanga adanenanso mfundo imene anthu ambiri amaikhulupirira, yakuti chatsopano ndicho chotetezeka. Pa Debian zili mosemphana. Gulu loona za chitetezo limasamalira stable mwachindunji. Mpata ukapezeka, chigamba cha stable chimabwera mwa njira yakeyake yachangu. Cha testing chimayenera kudutsa kaye mu unstable n'kudikira pa mzere, ndipo chikakodwa m'kusamuka kwa maphukusi kuja chitha kuchedwa. Kumbukiraninso za mu Malichi 2024. Munthu wina wodzitcha Jia Tan adakhala zaka ziwiri akuthandiza pa kapulogalamu kopanikiza mafailo kotchedwa xz mpaka adakhulupiridwa, kenako adabisamo khomo lakuseri loti azilowera m'makina a anthu. Mitundu yoipayo, 5.6.0 ndi 5.6.1, idali italowa kale mu unstable ndi testing. Mu stable idali isanafike, chifukwa stable idali ikadali pa xz yakale ija anyamata amaiseka.

Koma nkhani yomweyi ili ndi mbali ina imene ndingakhale wabodza nditaibisa. Amene adagwira mbavayo, Andres Freund, adaigwira chifukwa ankagwiritsa ntchito sid. Adaona kuti kulowa m'makina ake kudzera pa ssh kukuchedwa ndi theka la sekondi, ndipo m'malo mongonyalanyaza adakumba mpaka adapeza muzu. Pakadapanda anthu olimba mtima okhala mu unstable ndi testing, chinthu chimenecho chikadayenda mwakachetechete mpaka kulowa mu stable yotsatira, n'kufika ngakhale kuno kwa Kasakula. Stable yanga ndi yodekha chifukwa ena adavomera kupsa m'malo mwanga. N'chifukwa chake sindinena kuti testing ndi yoipa. Ndikunena kuti ndi ntchito. Woigwiritsa ntchito moyenera ndi amene ali ndi nthawi yowerenga sikirini, intaneti yokwanira, luso lodzitulutsa m'dzenje, ndi mtima wotumiza lipoti kwa eni ake kudzera pa reportbug akapeza cholakwika. Kukhala pa testing kuti uzingodzitama ndi manambala aakulu, osatumizapo lipoti ngakhale limodzi, kuli ngati kupita kudambwe kukangoonera.

Sindinganamenso kuti stable siiphonya. Mu 2008 Luciano Bello adatulukira kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri makiyi achinsinsi opangidwa ndi OpenSSL ya Debian adali osavuta kulosera, ndipo vutolo lidali mu stable ya nthawiyo, etch. Mu Disembala 2023 adaimitsa kutulutsa 12.3 atapeza kuti Linux imene idalimo imatha kuwononga mafailo, n'kutulutsa 12.4 m'malo mwake. Zimachitika. Kusiyana kwake n'kwakuti zoterezi pa stable timaziwerenga ndi zala, ndipo zikachitika dziko lonse limathamangira kukonza chinthu chimodzi chomwecho.

Vuto lenileni la stable ndi lija lidandikokera ku testing: zipangizo zatsopano. Ukagula laputopu ya chaka chino, stable ya zaka ziwiri zapitazo itha kulephera kuona wifi yake. Chimene sindinkadziwa mu 2022 n'chakuti pali njira yapakati yotchedwa backports. Amatenga maphukusi ena a mu testing, monga Linux yatsopano kapena LibreOffice, n'kuwamanganso kuti agwirizane ndi stable. Umasankha limodzi lokhalo ukulifuna, zina zonse n'kukhala mmene zidalili. Ndiponso printa ija inkangofunika kulumikizidwa ku kompyuta imodzi, osati 14. Ndidagwetsa nyumba yonse pofuna kupha khoswe mmodzi. Kuyambira pa Debian 12 zinthu zidapepukanso chifukwa adayamba kuikiratu m'chimbale choikira timapulogalamu ta opanga zipangizo timene wifi zambiri zimafuna, zimene kale tinkachita kusaka patokha.

Tsopano mfundo imene ndikufuna aliyense wosunga labu aitenge, ngakhale zina zonse aiwale. Mu kompyuta ya Debian muli failo yotchedwa sources.list, mu /etc/apt, imene imauza makina kotenga maphukusi. M'menemo utha kulemba mawu akuti stable, kapena testing, kapena dzina lenileni monga bookworm. Lembani dzina. Mukalemba stable, ndiye kuti tsiku limene Debian yatsopano yatuluka mawuwo ayamba kuloza kwina inu osadziwa, ndipo update wamba ya Lachisanu isanduka kusamuka kwa mudzi wonse pakati pa teremu. Mukalemba testing, simudzafika, chifukwa testing ikangokhwima n'kukhala stable, inu mumapitirira ndi testing yatsopano, imene miyezi yake yoyamba ndiyo ya chipwirikiti poti zonse zimene zidatsekeredwa kunja zimalowa nthawi imodzi. Koma mukalemba dzina, inu ndi amene mumasankha tsiku losamuka. Ngakhale iwe wa testing, ukalemba forky m'malo mwa testing, tsiku limene forky idzatuluke udzapezeka uli pa stable osachita kanthu.

Kufunika kwa zimenezi kudaoneka mu Ogasiti 2025. Debian 13 idasiya kutulutsa Linux ndi chimbale choikira cha ma PC a 32-bit, ndipo eni ake adalangiza kuti makina oterowo asawasamutsire ku trixie. Ku Ulaya imeneyi ndi nkhani yaing'ono, makina otere adataya kalekale. Adatayira kuno. Mwa makina athu 14, atatu ndi ma Pentium 4 a 32-bit, ndipo amodzi mwa iwo ndi omwe mnyamata wanga adaphunzirirapo kutaipa. Ndikadamupatsa tsiku limodzi lija, atatuwo akadatsala panjira, ndiye kuti ana 12 pa piriyodi iliyonse opanda pokhala. Pa bookworm akadali ndi moyo, chifukwa Debian iliyonse imasamalidwa pafupifupi zaka 5, zitatu zoyamba ndi gulu la chitetezo, zotsalazo ndi gulu la LTS, ndipo bookworm ifika mpaka pakati pa 2028. Anzanga, lembani lscpu pa makina anu muone ngati pakutuluka 64-bit. Makina ambiri a Core 2 Duo amene adabwera ndi Windows ya 32-bit amatha 64-bit bwinobwino, kungoti amafunika kuikidwa mwatsopano. Amene satha, muli ndi nthawi mpaka 2028 yokambirana ndi komiti ya makolo.

Anzanga a Ubuntu musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Kwanuko mayina ndi ena koma nyimbo ndi yomweyo. Ya LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka 5. Zapakatizo zimatuluka miyezi 6 iliyonse ndipo zimasamalidwa miyezi 9 yokha, osakwana n'komwe chaka chimodzi cha sukulu ndi holide yake.

Kukhala pa stable sikutanthauza kugona. Ndidaonapo labu ina, sinditchula kuti ndi kuti, ili pa Ubuntu wa mu 2012, osalandira chigamba chilichonse kwa zaka, mwini wake n'kumati bola zikuyaka. Kumeneko si kudekha, ndi ulesi. Kusamuka kumafunika, koma pa nthawi yake. Ine masiku ano ndimasamuka pa holide yaikulu yokha, a Fomu 4 atamaliza mayeso. Sindithamangira mwezi umene Debian yatuluka, ndimadikira atulutse kaye zokonza zoyambirira, za .1 ndi .2 zija. Ndimawerenga release notes zonse ngakhale Chingerezi chake chili chouma ngati chimanga chokazinga. Ndimakopera ntchito za ana pa diski ina, ndipo ndimatsegula mafailo angapo kuti nditsimikize kuti akoperekadi. Sindidumpha nambala: kuchoka pa 11 kupita pa 13 umadutsira pa 12. Ndimayamba ndi kompyuta imodzi, n'kuigwiritsa ntchito sabata yathunthu ndi manotsi anga m'manja, kuona pamene zithunzi zasiyana. Ikandikhutiritsa ndimaijambula yonse ndi Clonezilla n'kuitsanulira pa zinazo, zimene zimapulumutsa bandulo ndi nthawi. Ndipo sindidinanso Y popanda kuwerenga mokweza, ngati mwana wa Sitandade 2, mndandanda wa zochotsedwa. Kompyuta yoyambayo ndimailumikiza ku batire la sola, chifukwa magetsi sapangana ndi munthu.

Wina anganene kuti potero ndikumana ana zinthu zatsopano, ndipo akadzapita ku koleji adzapeza dziko litawasiya. Ndaliganizira funso limeneli. Zimene silabasi ikufuna kuti mwana adziwe, kukonza kalata, kulemba fomula yophatikiza manambala, kusanja mafailo m'mafoda, kumvetsa kuti database n'chiyani, sizidasinthe pakati pa LibreOffice 7.4 ya mu bookworm ndi 25.2 ya mu trixie. Mnyamata amene akundisekayu adaphunzira pa makina akale kuposa awa, ndipo lero akundiphunzitsa ine. Chimene chidamuthandiza n'chakuti tsiku lililonse akabwera mu labu ankapeza kompyuta ikuyaka.

Ndiye iwe mwana wanga, poti ndikudziwa kuti uwerenga, pempho lako ndalilandira mwa theka. Ubwere pa holide yaikulu, ndipo tsiku limodzi silikwana, ukonzekere sabata. Tidzasamutsa makina 11 kupita ku trixie mwa njira ndafotokozayi, atatu aja tidzawasiya pa bookworm. Pakona ya kumadzulo, pafupi ndi kabati ya mabuku, pali kompyuta imene ndidaichotsa pa mndandanda chifukwa kiyibodi yake ilibe chilembo cha Q. Imeneyo ndakupatsa. Uikepo forky, tidzamatepo pepala lolembedwa kuti ya mayeso isasungidwe muno, ndipo ana a kalabu ya makompyuta aziithyola ndi kuikonza Lachitatu masana mmene angafunire. Udzawaonetsenso katumizidwe ka lipoti ndi reportbug, chifukwa ine ndidayesapo kamodzi kokha. Kiyibodi ubwere nayo, ndipo bandulo ya kompyuta imeneyo ndi yako.